Ati "mwamuna ni so, mkazi ni so": nanga anatiphunzitsa ndani?

Pa 19 November ndi tsiku la amuna pa dziko lonse. Pakapita masiku asanu ndi limodzi, pa 25 November, timayamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza zocitila akazi ndi atsikana, amene amatha pa 10 December. Caka ciliconse ikafika nthawi iyi, mawailesi, Facebook ndi magulu a WhatsApp amadzala ndi mkangano umodzimodzi, ndipo mkanganowo sucedwa kukwela basi. Kucoka pa Kulima Tower kukafika ku Chelstone mudzamva mau awili amene tonse tinawaloweza. Azibambo akuti, "Akazi sibamvetseka, bakamba maningi." Azimai akuyankha kuti, "Amuna bonse ni cimodzimodzi, balibe mtima." Ndiye wina wa ku mpando wa kumbuyo amatseka nkhani ndi mau akuti, "Ni mwamene tinalengedwela." Basi yonse iseka, kondakita apempha ndalama, nkhani yatha.

Ine ndikuona kuti nkhaniyi siyenela kuthela pamenepo. N'zoona kuti muno mu Lusaka amuna ndi akazi amacita zinthu mosiyana pa ndalama, pa matenda, pa mkwiyo ndi pa kakambidwe. Koma tikafufuza kumene kusiyanako kumacokela, tipeza kuti mbali yaikulu tinacita kuphunzitsidwa, ndipo ina imabwela ndi udindo umene aliyense anasenzetsedwa panyumba. Mau akuti "ni mwamene tinalengedwela" amamveka ngati nthabwala, koma pali anthu amene ali ku Chingwere lelo cifukwa ca mau amenewa.

Tiyambe ndi nkhani yakuti akazi amakamba kwambili. Mu 2007, katswili wina wa ku University of Arizona, Matthias Mehl, ndi anzake anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science. Anapatsa ophunzila 396 a ku America ndi ku Mexico tumakina tojambula mau, n'kuwelenga mau amene aliyense amakamba pa tsiku. Anapeza kuti akazi amakamba mau pafupifupi 16,000 pa tsiku, amuna naonso pafupifupi 16,000. Zaka ziwili izi zisanacitike, mu 2005, Janet Hyde wa ku University of Wisconsin anasonkhanitsa zofufuza zambili zokhudza nzelu ndi khalidwe la amuna ndi akazi. Pa zinthu 100 zilizonse zimene anapima, pafupifupi 78 zinaonetsa kusiyana kocepa kapena kosaoneka n'komwe. Kumene anapeza kusiyana kwakukulu ndi pa zinthu ngati mphamvu yoponya cinthu patali. Anapezanso kuti amuna amafulumilako kumenya akakwiya. Conco kusiyana kwa m'thupi kulipo, sitingakane. Koma pa masamu, pa kuganiza, pa kutsogolela anthu, amuna ndi akazi ali pafupi kwambili kuposa mmene timakambila pa siteshoni.

Ndipo inu okwela basi simufunika pulofesa kuti akuuzeni izi. Kwelani basi pa Mande m'mawa pambuyo pakuti Arsenal kapena Manchester United yaluza, muone amene akamba kucoka ku Matero mpaka mu tauni osapuma. Mvelani ma ngwangwazi pa City Market. Amuna amakamba, ndipo amakamba maningi. Cimene cimasiyana ndi nkhani imene amaloledwa kukamba. Mwamuna angakambe za bola, za ndale, za mtengo wa mafuta, koma kunena kuti "mwana wanga wadwala ndipo ndilibe ndalama, ndili ndi mantha" ndi nkhani imene anaphunzila kumeza akali wamng'ono. Mkazi angauze mnzake wa pa msika vuto lake lonse, n'kulila, n'kubweleka K50. Koma mkazi yemweyo akakweza mau pa msonkhano wa makolo kusukulu kapena pa nkhani ya malo a banja, amamuuza kuti alibe ulemu.

Manje tiyeni pa ndalama, cifukwa apa ndi pamene manyumba ambili amagwedezeka. Amene munakwelapo basi yoyamba, ija ya m'ma 04:30 kapena 05:00 kucoka ku Chawama, Kanyama kapena Mandevu, mukudziwa amene amadzaza mipando: azimai a mabeseni ndi masaka opita ku Soweto kukaoda tomato, lepu, kapenta ndi anyezi. Mzimai ameneyu amawelenga ndalama tsiku ndi tsiku. Amadziwa kuti pa K300 imene waodela afunika kubweza K300 ija, kucotsapo ya basi, ya wilibala, ya pamela, ya malasha, ndi K20 ya cilimba. Anthu amati akazi mwacibadwa ndi osunga ndalama. Ine ndikuti munthu aliyense amene mwana amamuyang'ana pamaso nthawi ya nsima amaphunzila kuwelenga makobili. Mphika uli m'manja mwa amai, conco ndi amai amene amayamba kuona kuti unga watsala wa masiku awili.

Mwamuna anapatsidwa akaunti ina. Iye amamufunsa zinthu zikuluzikulu: lendi, malowolo, bokosi pa malilo, puloti, thandizo la acibale a kumudzi. Izi sizimalipilika ndi K20 ya tsiku ndi tsiku, ndipo mwamuna wa maganyu amadziwa kuti ngakhale asunge motani, sadzafikapo msanga. Apa ndi pamene maganizo a "kugwila kamodzi" amalowela. Pitani m'mashopu a kubeca m'makomboni, muwelenge amuna ndi akazi amene alimo. Ambili ndi anyamata ndi azibambo, maso pa sikilini, kapepala m'manja. Ena amathamangila kaloba, n'kusiya TV kapena foni ngati cikole, mkazi osadziwa. Sindikuwaikila kumbuyo, cifukwa ndalama ya unga ikapita ku kubeca amene amagona ndi njala ndi ana. Koma tiyenela kuona cimene cikuwakankha: munthu anauzidwa kuti ulemu wake wonse uli m'thumba, ndipo thumba ndi lobooka.

Caka ca 2024 cinaonetsa bwino zimenezi. Pa 29 February caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika September malaiti anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku m'madela ambili. Owochelela zitsulo ku Kalingalinga ndi ku Garden, ometa tsitsi, a masaluni, ogulitsa nkhuku za m'filiji, onse nchito inaima. M'makomboni tinaona azimai ambili akusintha msanga: wa saluni anayamba kuluka tsitsi panja, wina anayamba kukazinga vitumbuwa pa mbaula, wina kugulitsa salaula pa mpanda wa nyumba. Azibambo ambili zinawavuta. Kukhala pa mseu ndi beseni ya vitumbuwa, kwa mwamuna amene dzulo anali ndi shopu yake, kunali ngati kuvula pa gulu. Nzelu anali nazo, manja anali nao. Cimene cinamumanga ndi funso lakuti, "Anzanga azaniona bwanji?"

Kuti muone kuti ndi udindo umene umaumba maganizo, sinthani mipando. Mnyamata wokhala yekha m'kacipinda ka lendi ku Mtendere amadziwa mtengo wa mulu wa tomato ndi kabotolo ka saladi kuposa mkazi wa bwana wa ku Kabulonga. Bambo wofedwa amene akulela ana yekha amadzuka usiku mwana akatsokomola, cimodzimodzi ndi mai. Ndipo mzimai amene ali ndi minibasi yake pa mseu safunsa ngati dalaivala wadya, amafunsa cashing. Ngakhale liwilo la madalaivala athu, limene timati ndi cimuna, lili ndi masamu kumbuyo kwake. Dalaivala afunika kupeza ya mwini basi, ya mafuta, ya pa siteshoni, ndipo zotsala ndiye zake ndi kondakita. Ikani munthu aliyense pa mpando umenewo ndi ngongole ya tsiku imeneyo, mudzaona mmene phazi lidzalemelela. Komabe mtengo wake ndi woopsa: bungwe la WHO limati pa anthu anai alionse ofa pa ngozi za pa mseu pa dziko lonse, pafupifupi atatu ndi amuna.

Pali nambala imodzi imene ndikufuna muisunge, cifukwa imaonetsa poyela kuti maganizo amacita kuphunzitsidwa. Pa kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi ciwelengelo ca anthu wa mu 2018, uja amati Zambia Demographic and Health Survey, anafunsa anthu ngati mwamuna ali ndi ufulu womenya mkazi wake pa zifukwa izi: akapseleza ndiwo, akatsutsana naye, akacoka osalaila, akanyalanyaza ana, kapena akamukana ku cipinda. Pa amuna 100 alionse, 26 anavomela cifukwa cimodzi kapena kuposapo. Pa akazi 100 alionse, amene anavomela anali 46.

Welenganinso. Akazi ovomeleza kuti mkazi azimenyedwa anaculuka kuposa amuna. Kodi pali mwana wamkazi amene amabadwa akukhulupilila kuti mbama ndi malipilo a ndiwo zopselela? Kulibe. Anacita kuuzidwa. Anauzidwa ndi alangizi asanalowe m'banja, anauzidwa pa kitchen party, anauzidwa ndi azakhali pamene anathawila kwao ndi diso lotupa n'kubwezedwa tsiku lomwelo ndi mau akuti ukwati ndi kupilila. Mu tauni tinafika popatsa ukwati dzina lakuti shipikisha club, ndipo timaseka tikamachula. Sindikunyoza alangizi, ambili amaphunzitsa zinthu zabwino, ukhondo, ulemu kwa apongozi, kasungidwe ka nyumba, ndipo alipo amene masiku ano amauza mtsikana mosabisa kuti akamenyedwa apite ku polisi. Koma tivomeleze kuti mtsikana amakhala m'nyumba masiku angapo, mwina milungu, akuphunzitsidwa mmene angasungile mwamuna. Nanga mnyamata amakhala masiku angati akuphunzitsidwa mmene angasungile mkazi, mmene angakwiyile popanda kumenya, mmene angapepesele? Kawilikawili ndi madzulo amodzi, amalume awili, ndi malangizo akuti "uzisiya ya ndiwo". Zotsala amakaphunzila ku bawa ndi pa siteshoni.

Maphunzilo a mnyamata amayamba kale kwambili, ndipo ndi aafupi: mwamuna salila. Akagwa ali ndi zaka zinai, timamuuza kuti, "Nyamuka, ndiwe mwamuna." Mlongo wake akagwa timamunyamula. Madzi akavuta mu komboni, amene amapita ndi cigubu ku kiosiki nthawi zambili ndi mtsikana, mnyamata ali ku bola. Pofika zaka 25 tili ndi mkazi wodziwa kuphika, kusamala odwala ndi kupempha thandizo, ndi mwamuna wodziwa kulimba mtima ndi kukhala cete. Ndiye timawakwatitsa n'kumadabwa kuti samvana.

Kukhala cete kumeneku kumaonekela ku cipatala. Mkazi ali ndi zitseko zambili zolowela ku kiliniki: sikelo ya mimba, sikelo ya mwana, kulela. Akafika amamupima BP, amamupima magazi, matenda amapezeka msanga. Mwamuna alibe citseko cotelo. Amagula Panado pa kantemba, n'kupitiliza nchito, cifukwa tsiku limodzi pa mzele wa ku kiliniki ndi tsiku lopanda ndalama, ndiponso cifukwa kudandaula ndi mutu cabe kumaoneka ngati ulesi. Ambili amafika ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa atanyamulidwa, matenda atakula kale. Pa za maganizo ndiye zoipilatu. Dzina la Chainama tinalisandutsa citonzo, conco mwamuna amene sagona tulo cifukwa ca nkhongole angalole kumwa kacasu mpaka kugwa kusiyana ndi kukaonana ndi dokotala wa maganizo. WHO imati pa dziko lonse amuna odzipha amaculuka kuwilikiza kawili kuposa akazi. Tikamva kuti bambo wina wapezeka atadzimangilila, mau oyamba a anansi amakhala akuti, "Koma sanakambeko ciliconse." Inde sanakambe. Tinamuphunzitsa ndife.

Mbali ina ya kukhala cete kumeneku imagwela akazi. Mkwiyo ndiwo mtima wokhawo umene mwamuna amaloledwa kuonetsa poyela, conco mantha, manyazi ndi nsanje zonse zimatulukila khomo limodzi. Kafukufuku uja wa 2018 anapeza kuti pa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, okwana 36 anamenyedwapo kucokela pamene anakwanitsa zaka 15. M'minibasi yodzala azimai, ndiye kuti pa mzele ulionse pali mmodzi kapena kuposapo. Bungwe la United Nations loona za umbanda limati pa anthu 10 oganizilidwa kuti anapha munthu pa dziko lonse, 9 ndi amuna, ndipo pa anthu 10 ophedwa, 8 ndi amuna. Koma pa ophedwa ndi wokondedwa wao m'nyumba, ambili ndi akazi. Apa mau akuti "mwamuna ni so" amasanduka cishango ca wolakwa. Ngati kumenya kukanakhala cibadwa ca amuna, bwenzi amuna onse akumenya. Ambili samenya. Ndipo amene amamenya mkazi wake Loweluka usiku amakwanitsa kuugwila mtima Lolemba m'mawa pamaso pa abwana ake kapena pa roadblock. Amasankha pomenya.

Malamulo tili nao. Pali lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la mu 2011, pali Victim Support Unit ku polisi, ndipo kuyambila 2016 pali makhoti ozenga milandu imeneyi mwamsanga, amene anayambila ku Kabwe ndi ku Lusaka. Koma milandu yambili imathela panjila, mkazi atapita yekha kukapempha kuti mwamuna atulutsidwe. Anthu amati, "Mwaona akazi, sadziwa cimene afuna." Amadziwa bwino lomwe. Wawelenga lendi, wawelenga unga, waona kuti wobweletsa ndalama akamangidwa ana adzagona panja. Ndipo tisaiwale mwamuna amene amamenyedwa kapena kuthilidwa madzi otentha ndi mkazi wake. Alipo, koma ambili safika ku polisi cifukwa coopa kusekedwa. Ciphunzitso cimodzimodzi cimene cimauza mkazi kuti apilile ndi cimene cimauza mwamuna kuti asadandaule.

Cinthu cophunzitsidwa cimasintha, ndipo umboni tili nao muno mwathu. Si kale pamene mtsikana wochaya bola anali kuchedwa cimuna n'kuthamangitsidwa kuti akatsuke mbale. Mu 2023 ma Copper Queens anasewela World Cup ku New Zealand, malo amene Chipolopolo sinafikepo. Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu m'masewela awili otsatizana pa Olympics ya ku Tokyo, n'kumwetsanso zitatu m'sewelo limodzi ku Paris mu 2024, ndipo lelo azibambo omwe aja amakangana za iye m'basi ngati mmene amakanganila za Patson Daka. Mu 2015 a Inonge Wina anakhala mzimai woyamba kukhala waciwili kwa pulezidenti, mu 2021 a Mutale Nalumango anatenga mpando womwewo, ndipo a Nelly Mutti anakhala mzimai woyamba kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Ubongo wa akazi a mu Zambia sunasinthe pa zaka 20 zapitazi. Cinasintha ndi citseko cimene cinatseguka.

Komabe citsekoco ndi cotseguka pang'ono cabe. Kalembela wa 2022 anapeza kuti tilipo 19.6 miliyoni ndipo akazi ndi oposa theka, koma pa cisankho ca 2021 akazi amene anapambana pa mipando 156 ya aphungu anali pafupifupi 20. Ngakhale malamulo a nchito amaphunzitsa kanthu. Employment Code Act ya 2019 imapatsa mai milungu 14 ya chuti akabeleka, pamene bambo imamupatsa masiku asanu. Mai afunikadi nthawi yocila ndi yoyamwitsa, palibe wotsutsa. Koma bambo wobwelela ku nchito mwana asanagwe ndi mcombo womwe, tidzamuimba mlandu bwanji tikadzaona kuti sadziwa kumunyamula? Ndipo kondakita, wa maganyu ndi mzimai wa ku Soweto alibe ngakhale tsiku limodzi la chuti pa masiku amenewo.

Ndiye ticite ciani, ife amene si aphungu kapena mapulofesa? Zambili zili m'nyumba zathu. Amai, mwana wanu wamwamuna aphunzile kuphika nsima ndi kutapa madzi, ndipo akalila mum'funse cimene camupweteka musanamuuze kuti ndi mwamuna. Atate, mwana wanu wamkazi akakufunsani funso lovuta, muyankheni. Musamuphunzitse kuti ulemu ndi kutseka pakamwa. A m'banja, ikani ndalama zonse pa tebulo, ya cilimba, ya village banking, ya kaloba yomwe, cifukwa nkhongole yobisika ndi imene imadzatulukila pa malilo. A mipingo ndi alangizi, nthawi imene mumathela pa mkwatibwi muthelenso pa mkwati. Ndipo imwe madalaivala ndi makondakita, amene mumaonana tsiku lililonse kuposa mmene mumaonelana ndi akazi anu, mnzanu akayamba kukhala zii kapena kumwa mopitilila, mufunseni kawili. Yankho loyamba nthawi zonse limakhala lakuti "nili cabe bwino".

Amene mukumenyedwa kapena kuopsezedwa, kaya ndinu mkazi kaya mwamuna, pitani ku Victim Support Unit pa polisi imene muli nayo pafupi, kapena imbani 933, nambala yaulele. Za ana ndi 116. Masiku 16 adzatha pa 10 December, zikwangwani zidzatsitsidwa, ma T-shirt adzasanduka zogonela. Koma m'January ana adzabwelela kusukulu, ndipo m'nyumba iliyonse mudzakhala wina wodzuka 05:00 kuyatsa mbaula ndi wina wotsala m'bulangeti. Muyang'ane kuti ndani, ndipo mudzifunse amene anagawa nchitoyo.